Pisitoni ya mabuleki akumbuyo ikukana kubwerera: musaikakamize

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga, ndipo ndaona kuti ndiyankhire pano chifukwa vuto lawo limagwera anthu ambiri. Akuti mapadi a mabuleki akutsogolo anasinthapo okha kawiri konse, zonse zinayenda bwino. Tsopano kumbuyo kwayamba kumveka phokoso la chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake. Loweruka anakweza galimoto, kuchotsa teyala, kumasula caliper (chitsulo chokhala ndi pisitoni chimene chimapanitsa mapadi pa disiki), koma pisitoni yakaniratu kubwerera mkati kuti mapadi atsopano alowe. Aikanikiza ndi kilampu mpaka m'manja kuchita matuza, koma osasuntha ngakhale pang'ono. Funso lawo ndi lakuti, awonjezere mphamvu, kapena caliper yatha ntchito?

Achimwene, masulani kilampuyo muiike pansi. Ndikukhulupirira kuti caliper yanu ili bwinobwino, ndipo chimene chingaiphe ndi mphamvu mukufuna kuwonjezerazo.

Kutsogolo ntchito ya mabuleki ndi imodzi yokha: mukaponda, brake fluid imakankha pisitoni, pisitoni imakankha mapadi, mapadi amapana disiki. Kumbuyo kuli ntchito yachiwiri, ya handibuleki, imene iyenera kugwira galimoto ngakhale injini itazima ndipo palibe akuponda. Opanga magalimoto anapeza njira zosiyanasiyana zolowetsera handibuleki m'matayala akumbuyo, ndiye musanagwire sipanala muyenera kudziwa njira imene anatsata pa galimoto yanuyo.

Suzumirani kuseri kwa caliper. Mukaona chingwe cha handibuleki chikufika pa caliper penipenipo, chitakola kachitsulo kokhala ndi sipuling'i, dziwani kuti mkati mwa pisitoni muli chinthu chonga bauti chokhala ndi mazinga. Mukakoka handibuleki, kachitsulo kaja kamakankha pisitoni kudzera pa bautiyo, ndipo mapadi akamaperepeseka, pisitoni imatuluka pang'onopang'ono motsata mazingawo kuti pasakhale mpata. Inatuluka motsata mazinga, ndiye ibwereranso motsata mazinga omwewo. Muyenera kuizunguza kwinaku mukuikanikiza. Chizindikiro china chili pankhope ya pisitoniyo. Ya kutsogolo imakhala yopanda kanthu mkati ngati kapu, pamene iyi imakhala yotsekeka, yokhala ndi timipata tiwiri kapena tinayi pamene pamalowa mano a chida chozunguzira. Magalimoto ambiri a Volkswagen Golf, Mazda 3, Ford Focus ndi Honda Civic okhala ndi madisiki kumbuyo komanso handibuleki yokoka ndi dzanja anapangidwa motere.

Chida chake amachitcha wind-back tool. Chabwino ndi chimene chimatsamira pa caliper, chifukwa chimakanikiza ndi kuzunguza nthawi imodzi. Palinso kachitsulo ka mbali zisanu ndi imodzi, ka mano osiyanasiyana mbali iliyonse, kamene mumakaika pa ratchet, koma pamenepo kukanikiza ndi kwanu. Zikavutitsitsa, pulayala ya milomo yaitali imatha kulowa m'timipata tija, kungoti imaterereka ndipo ikapulumuka imang'amba labala wotchinga fumbi. Pa magalimoto ambiri mumazunguza kulowera mbali imene mumamangira bauti, koma alipo ochepa amene mbali imodzi ili ndi mazinga otembenuka. Mukaona pisitoni ikutuluka m'malo molowa, imani musinthe mbali. Diso lanu likhale pa labala uja. Akayamba kupotokola limodzi ndi pisitoni, bwezani pang'ono, mumuwongole ndi chala, kenako mupitirize. Labalayo akang'ambika, madzi amalowa, ndipo pakatha miyezi ingapo pisitoni imachita dzimbiri n'kuyamba kukakamira.

Pali kanthu kena kamene anthu amakaphonya. Pa magalimoto ambiri, padi ya mkati imakhala ndi kachitsulo kotumphuka kumsana kwake, kamene kayenera kulowa m'kampata ka pisitoni. Mukamaliza kubweza pisitoni, iimitseni moti kampatako kayang'anizane ndi kachitsuloko. Mukapanda kutero padi imakhala mopendekeka, buleki imafewa, ndipo padi yatsopanoyo imatha mbali imodzi.

Mwina mupeza kuti pa caliper palibe chingwe, chingwecho chikulowa kuseri kwa disiki. Pamenepo handibuleki ili ndi ma shoe akeake ang'onoang'ono obisika mkati mwa disiki (zitsulo zopindika zimene zimafutukuka n'kugwira disikiyo chamkati), monga zilili pa magalimoto ambiri a Subaru ndi BMW, ndipo pisitoni imabwerera ndi kilampu ngati ya kutsogolo. Ngati yanu ndi yotere koma ikukanabe, ndiye yagwidwadi ndi dzimbiri. Koma ngati handibuleki yanu ndi kabatani kolembedwa P, nthawi zambiri pa caliper pamakhala kamota kamagetsi, ndipo musanagwire chilichonse galimoto iyenera kuikidwa mu service mode kuti motayo ibwerere yokha. Zina zimalola kutero podina mabatani motsatira buku la galimotoyo, zina zimafuna makina olumikiza pa soketi ya OBD imene imakhala mmunsi mwa chiwongolero. Mulibe zimenezi, ntchitoyo isiyireni makaniko.

Simunandiuze mmene mwaimikira galimotoyo, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa pisitoni. Pokonza kumbuyo handibuleki iyenera kukhala yotsitsa, kutanthauza kuti chimene chimagwira galimoto masiku onse mwachichotsa. Ngati galimoto yanu imakoka ndi matayala akutsogolo, giya yoyamba kapena P imathandiza. Ngati imakankha ndi akumbuyo, mukangokweza kumbuyoko giya sigwiranso kanthu. Ikani zophinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse akutsogolo, pamalo athyathyathya ndi olimba. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Galimoto ikhale pa ma jack stand (zitsulo zochirikiza galimoto yokwezedwa), ndipo njerwa musaziyese n'komwe, zimaphwanyika mosachenjeza. Teyala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto chakumbali, kuti zitavuta galimotoyo igwere pamenepo osati pamwendo panu.

Musanabweze pisitoni tsegulani boneti muone kabotolo ka brake fluid. Pisitoni ikamalowa, mafutawo amabwerera m'kabotoloko, ndipo ngati wina anawonjezera mapadi atatha kale, amasefukira. Mafuta amenewa amadya penti. Achepetseni ndi jakisoni woyera, muikenso nsanza mozungulira. Powonjezera tsatirani zolembedwa pa chivindikiro, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Ya DOT 5 ndi ya silicone, sisakanizidwa ndi zinzakezo. Caliper mukaimasula musaisiye ikulendewera pa paipi yake ya labala. Imangirireni ndi waya ku sipuling'i ya galimoto.

Tsopano za phokoso munamva lija. Ngati chitsulo chafika pokhula disiki, mapadi atsopano okha mwina sakwanira. Yendetsani chikhadabo pa disikiyo. Ikakhala ndi mizere yozama imene chikhadabo chikukodwamo, kapena m'mphepete mwatsala mlomo waukulu, yezani kuchindikala kwake muyerekeze ndi nambala yodindidwa pa disiki pomwepo, pafupi ndi mawu akuti MIN TH. Ikachepera pamenepo isintheni, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri. N'chimodzimodzi mapadi, sasinthidwa teyala limodzi, chifukwa galimoto imadzakokera mbali mukaponda mwadzidzidzi. Ine mapadi akafika mamilimita 3 sindidikiranso.

Mapadi akalewo musafulumire kuwataya. Agonekeni pansi, wamkati ndi wakunja, muwayerekeze. Akatha mofanana zili bwino. Wina akakhala wotheratu mnzake akadali wonenepa, ma slide pin amene caliper imaseserekapo akakamira, ndipo mukangoika mapadi atsopano osawakonza, vuto lomwelo libwereranso. Asololeni, muwapukute mpaka awale, muwapake girisi wa mabuleki wa silicone. Girisi wamba amatupitsa labala. Pomwe makutu a mapadi amakhala palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, kuti padi izilowa ndi chala chokha popanda kukhoma ndi hamala. Girisi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki ngakhale kadontho.

Caliper yothadi ntchito imadziwika chonchi: mukuizunguza ndi chida choyenera koma sikuyenda, labala wang'ambika ndipo pisitoni yadyeka ndi dzimbiri, pali chinyezi cha brake fluid, kapena kachitsulo ka handibuleki sikabwerera pamalo pake mukatsitsa. Imeneyo isintheni. Dziwani kuti mukangomasula paipi mpweya walowa, ndipo muyenera kuutulutsa wonse, wina akuponda wina akutsegula ndi kutseka kabauti kotulutsira.

Ndikudziwa kuti ambiri amene muwerenge izi mukachotsa teyala lakumbuyo simupeza disiki koma diramu (chitsulo chonga mphika chimene ma shoe amagwira chamkati), monga zilili pa Toyota Vitz, Honda Fit ndi ma Corolla ambiri. Ntchito ya diramu imafuna kudekha kwambiri. Ulendo wanga woyamba ndinamasula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi poganiza kuti ndifulumira. Dzuwa likulowa ndinali nditagwada pa katoni, masipuling'i ali mbwee patsogolo panga, ena aatali ena aafupi, popanda mbali yoonera kuti iti imakola pati. Ndinamanga mongoganizira, ndipo ma adjuster (tizitsulo ta mazinga timene timayandikitsa ma shoe ku diramu) ndinawasinthanitsa, wa kumanja kupita kumanzere. Mazinga ake ndi osiyana, choncho m'malo mofutukula ma shoe akamatha, ankawabweza mkati. Patapita masabata angapo buleki inayamba kugwira chapansi kwambiri, ndipo ndinali nditanyamula ana m'galimotomo tsiku limene ndinazindikira. Kuyambira pamenepo ndimagwira mbali imodzi mpaka kumaliza, inayo ili yotsegula koma yosakhudzidwa, ndipo ndisanachotse sipuling'i iliyonse ndimajambula ndi foni.

Diramu ikakana kutuluka musaimenye m'mphepete. Pa magalimoto ambiri a Toyota pankhope pake pali timabowo tiwiri ta mazinga. Lowetsanimo mabauti a M8 muziwamanga mosinthanasinthana, diramu imadzisolola yokha. Ikayamba kutuluka kenako n'kugwira, ndiye kuti ma shoe akodwa pa mlomo wa mkati, ndipo muyenera kubweza adjuster kudzera pa kabowo kotsekedwa ndi labala. Fumbi la mkatimo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu. Ma shoe ena, makamaka akale, amakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo patapita zaka zambiri. Tsukani ndi brake cleaner, fumbilo litsikire m'beseni lili lonyowa.

Pamwamba pakati pa ma shoe pali wheel cylinder, chitsulo chimene brake fluid imalowamo n'kukankha ma shoe. Tukulani pang'ono labala wa mbali zake zonse. Mukapeza monyowa, ikudontha, ndipo iyenera kusinthidwa, apo ayi mafutawo anyowetsa ma shoe atsopano, omwe akanyowa sachapika. Onaninso kuti ma shoe awiri a teyala limodzi nthawi zambiri safanana, ina imakhala ndi chitsulo cha handibuleki, ina chopaka chake chimayambira malo ena. Mkati mwa diramu muyezedwe poyerekeza ndi nambala ya MAX DIA yodindidwa pamenepo. Mukamanga, zunguzani adjuster mpaka diramu izimveka kukhudza pang'ono pokha mukaizunguza ndi dzanja. Chingwe cha handibuleki chimakungidwa pomaliza, ma shoe atakhala kale bwino. Ambiri amayamba ndi chingwe pofuna kuti handibuleki igwire msanga, zotsatira zake ma shoe amangokhula diramu ulendo wonse.

Tibwerere kwa inu achimwene. Mukamanga caliper, mabauti ake ndi manati a teyala amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bauti) pa mlingo wa m'buku la galimoto yanu. Pa Corolla manati a teyala ndi 103 Nm. Mangani modumphadumpha, osati motsatizana. Galimoto ikatsika, musanalize injini n'kunyamuka, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe. Kuponda koyamba imapita mpaka pansi chifukwa pisitoni munaibweza ija ili kutali ndi mapadi, ndipo anthu agundapo zipupa pakhomo pawo pomwe chifukwa choiwala zimenezi. Ikalimba, kokani ndi kutsitsa handibuleki kangapo, muonenso mlingo wa brake fluid. Ikakhalabe yofewa ngati siponji, kapena ikamatsika yokha mutaipondereza, galimotoyo isatuluke.

Kayeseni pa msewu wopanda anthu, moyamba ndi liwiro la munthu woyenda pansi. Kenako thamangani mpaka makilomita 50 pa ola, muchepetse kufika pa 10 osaima, ndipo muchite zimenezi kasanu ndi katatu kapena kakhumi kuti mapadi azolowerane ndi disiki. Mukabwerako yandikitsani dzanja pa matayala onse akumbuyo osakhudza chitsulo. Kutentha kuzifanana. Limodzi likatentha kwambiri kapena kununkha chopserera, buleki ya mbali imeneyo ikugwira yokha, ndipo muyambe kuyang'ana ma slide pin ndi kachitsulo ka handibuleki kaja. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, yesaninso manati a matayala.

Ngati mwaizunguza pisitoniyo ndi chida choyenera koma ikukanabe, nditumizireni zithunzi ziwiri, china cha nkhope ya pisitoni ndi china cha kuseri kwa caliper pamene pafikira chingwe, komanso mtundu wa galimoto ndi chaka chimene inapangidwa.