Misoti Yakula Koma Dzira Silikuoneka

Funso: Bambo, ndine mayi wa ku Chipoka m'boma la Salima. Kumayambiriro kwa Julayi ndinagula misoti 5 pamsika. Iwiri ndi yakuda, ndipo wogulitsa anati ndi ya Mikolongwe. Itatu inayo ndi yachikuda. Anandiuza kuti yonse inali ya miyezi 3. Pano Okutobala akutha koma sindinatoleko dzira ndi limodzi lomwe. Ndimaipatsa gaga m'mawa, kenako imakadzisakira yokha. Tambala ndilibe. Bambo a kunyumba akuti ndinagula nkhuku zosabereka, tingozidya. Kodi msoti umayamba kuikira uli ndi miyezi ingati? Kapena vuto ndi kusowa kwa tambala?

Yankho: Mayi, auzeni bambowo asunge kaye mpeniwo, ndiwo za lero apeze zina.

Za tambala tithane nazo msanga. Msoti umaikira ngakhale tambala palibe. Ntchito yake ndi yoti m'dziramo mudzatuluke mwanapiye, basi. Mazira ambiri a m'mathireyi amene mumawaona pa Kamuzu Road amachokera m'makola momwe tambala sanapondemo. Ndiponso ku Chipoka, komwe nkhuku zimayenda khomo ndi khomo, ndikukayika ngati misoti yanuyo sinadziwane kale ndi tambala wa aneba.

Tsono miyezi. Nkhuku zachizungu zamazira, zofiirira zija, zikamadyetsedwa bwino zimayamba zili ndi masabata 18 mpaka 20. Za Mikolongwe, zomwe dzina la mtundu wake ndi Black Australorp koma tinazitcha dzina la malo a boma a ziweto ku Chiradzulu komwe zimachulukitsidwa, zimayamba pa miyezi 5 kapena 6. Zachikuda sizithamanga: miyezi 6 kapena 7, ndipo zikamagona ndi njala zimafika 8. Ngati wogulitsa uja ananena zoona, yanuyo ili ndi miyezi pafupifupi 7. Yachikudayo yangofika kumene pakhomo, yakudayo yachedwa pang'ono.

Ndati ngati ananena zoona. Pamsika nkhuku iliyonse imakhala ya miyezi 3, ndipo iliyonse yakuda imakhala ya Mikolongwe. Inenso anandigwira choncho chaka china, ndili wamkulu ndi imvi zanga: ndinalipira mtengo wa Mikolongwe, koma zitakula zinali zachikuda zakuda chabe, timatupi tating'ono. Ya Mikolongwe yeniyeni imakhala yathupi, nthenga zake zikawombedwa ndi dzuwa zimanyezimira mobiriwira, miyendo yakuda. Choncho zomwe munauzidwa pamsika zisiyeni, ifunseni nkhukuyo.

Madzulo ikalowa m'khola, igwireni umodziumodzi. Msoti umene watsala pang'ono kuikira lipombo lake limakula ndi kufiira psuu, pamodzi ndi tinyama tolendewera pansi pa mlomo. Ngati likadali laling'ono, lotuwa, nthawi ikadalipo. Kenako fufuzani ndi zala kumbuyo, m'munsi mwa potulukira dzira. Mupeza timafupa tiwiri tosongoka. Pakati pake pakangolowa chala chimodzi, msotiwo sunayambe. Pakalowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo potulukira dzirapo pali ponyowa ndi potambasuka, umenewo wayamba kale kapena uyamba masiku omwewa. Masana muuonanso ukutetera, ukulowa m'khitchini, kuseri kwa nkhokwe, m'dengu la zovala, ngati munthu amene wataya kanthu. Wina mukauyandikira umanyonyomala, mapiko tambasu pang'ono.

Mukapeza wa zala zitatu koma dzira inu simunalione, ndiye kuti nkhani yasintha. Nkhukuyo ikuikira, koma osati kwa inu.

Kwathu kuno ku Khombedza ndinali ndi msoti wamawangamawanga umene ndinaudandaula mwezi wathunthu. Unkasowa dzuwa likangokwera, n'kudzatulukira masana uli phee. Mdzukulu wanga ndi amene anautsata, n'kukapeza mazira 9 pansi pa mulu wa udzu wofolerera umene tinaunjika kuseri kwa bafa. Ine ndinachita mwayi. Kwanuko kufupi ndi nyanja kuli ng'azi, ndipo ng'azi ikadziwa chisa imabwera tsiku ndi tsiku ngati yalembedwa ntchito. Agalu, njoka ndi akhwangwala nawonso sakana dzira. Chitani chonchi: kwa masiku 3 kapena 4 musaitsegulire m'mawa, ikhale m'khola mpaka masana, chakudya ndi madzi zili momwemo, poti nkhuku zambiri zimaikira dzuwa lisanafike pamutu. Pakona pamdima ikanipo dengu lakale kapena mphika wosweka, muyalemo udzu wouma, muwazemo phulusa pang'ono chifukwa cha utitiri. Muikemo dzira limodzi lolemba chizindikiro ndi khala. Nkhuku imakonda kuikira pomwe yaona kuti inzake yaikirapo kale.

Koma ndikawerenga kalata yanu, ndikuganiza kuti vuto lalikulu lili pa gaga. Gaga amakhutitsa, koma dzira sapanga. Nkhuku yoikira imafuna chakudya chomwe pa magawo 100 aliwonse, 16 kapena kuposerapo ndi zomanga thupi, pomwe gaga amangofika cha m'ma 10. Nthawi ya dzinja kusiyana kumeneku nkhuku imadzikwaniritsira yokha ndi chiswe, ngumbi, nyongolotsi, ziwala ndi msipu wanthete. Nanga kuyambira Julayi mpaka lero yakhala ikutola chiyani? Pabwalo pali fumbi lokhalokha, tchire linapsa kalekale. Misoti yanu yakulira m'miyezi yeniyeni yausiwa, ndipo thupi lomwe silinakhwime silingayambe kupanga mazira. Iyi ndiyo mbali imene ili m'manja mwanu, ndipo inu a kunyanja muli pabwino kuposa anzathu a kumtunda.

Pitani kwa ogulitsa usipa kapena bonya mukapemphe fumbi ndi timitu totsalira pansi pa thumba. Lisakhale la nsomba zothira mchere, chifukwa mchere wambiri umapha nkhuku. Ine ndimasakaniza mbale 4 za gaga, mbale 1 ya soya wokazinga ndi kusinja, ndi theka la mbale la fumbi la usipa. Soyayo mukazinge ndithu mpaka anunkhire. Wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Nsombanso musachulutse, mazira angamanunkhe nyanja. Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 patsiku. Zanuzo poti zimatolako zina, zipatseni manja awiri odzaza iliyonse, theka m'mawa theka madzulo. Madeya a mpunga a kuchigayo muwayang'ane bwino musanagule, ambiri amakhala mankhusu okhaokha. Masamba a chammwamba, bonongwe kapena chisoso muziwamangirira m'khola kuti zizijompha. Ngati thumba likulola, layers mash, chakudya cha m'sitolo cha nkhuku zoikira, ali nazo zonsezi kale, koma kwa nkhuku 5 zoyenda zokha ine sindingakukakamizeni.

Chinanso ndi cha chikamba. Dzira lililonse limatenga magalamu pafupifupi 2 a kashiamu, amene amalimbitsa chikamba ndi mafupa, m'thupi la nkhuku, ndipo ikapanda kumupeza m'chakudya imamuchotsa m'mafupa ake. Tumani ana akatole zigoba za nkhono m'mbali mwa nyanja, muziwotche pang'ono, musinje, muike m'kambale kapadera. Zidzadya zokha zikafuna.

Ndiye pali dzuwa la Salima. Okutobala ndi Novembala, nkhuku zimangokhala yasa kukamwa, mapiko lende, kudya osafuna. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa makamaka ndi kupuma. Magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi, choncho nkhuku yaludzu siikira. Madzi akhale pamthunzi tsiku lonse, muwasinthe masana akafunda, ndipo chakudya muzipereka m'mamawa ndi madzulo kukazizira. Musadabwe ikayamba mvula yoyamba itagwa. Zimachitika kawirikawiri kuno.

Simunanene za katemera. Ino ndi nyengo ya chitopa, ndipo palibe phindu kudikira dzira la nkhuku yomwe ife sabata yamawa. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko za katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wodonthezera m'diso dontho limodzi, miyezi 4 iliyonse. Muwafunsenso za mankhwala a njoka zam'mimba, poti nazonso zimachedwetsa msoti.

Ikayamba, musayembekezere zofanana. Yachikuda idzaikira mazira 10 mpaka 15 kenako n'kufuna kufungatira, ndipo pachaka imangofika 40 kapena 60. Ya Mikolongwe yodyetsedwa bwino imapitirira apo kutali, koma kufungatira siikonda kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri timaika mazira ake pansi pa thadzi lachikuda. Konzani chakudyacho, mudikire masabata 4 mpaka 6. Womwe udzakhalebe ndi lipombo lotuwa ndi timafupa tothinana pofika Khirisimasi, umenewo bambo aupatse ulemu wa pa mpunga.

Funso: Achimwene, ndili ku Dwangwa. Msoti wanga wayamba kuikira koma dzira loyamba linali kakang'ono, lachiwiri linali lofewa lopanda chikamba. Kodi ukudwala? Nanga ndingausiyire mazira amenewa kuti ufungatire?

Yankho: Sukudwala, achimwene, ngati ukudya ndi kuyenda bwino. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo ambiri mwa maola amenewo ndi opanga chikamba. Mwa msoti wongoyamba ntchitoyi imasokonekera: lina laling'ono, lina lofewa, lina la timagazi kunja, lina la yolk (chachikasu chija cha m'dzira) ziwiri mkati. Pakatha masabata awiri kapena atatu zimakhazikika. Upatseni zigoba za nkhono monga ndawauzira mayi a ku Chipoka. Zofewazo zikapitirira, kapena nkhuku zina zikayamba kuwodzera ndi kutsegula m'mimba zobiriwira, itanani alangizi tsiku lomwelo.

Mazira oyambawo idyani. Aang'ono amaswa anapiye ofooka, ndipo a yolk ziwiri nthawi zambiri saswa n'komwe. Sankhani aakulu bwino, a chikamba cholimba, osapitirira sabata imodzi chiikireni. Msoti wongoyamba muupatse 8 okha kuti uwaphimbe onse, ndipo muwerenge masiku 21.