Mwana wapsa ndi phala: timuthire madzi kapena timupake dzira?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Limbuli. Mwana wawo wa zaka ziwiri anakoka poto wa phala pa mbaula, phala n'kumukhuthukira pamkono kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Iwo anathamangira madzi, koma apongozi awo anawaletsa, ati madzi ndiwo amatulutsa matuza, ndipo anamupaka dzira laliwisi ndi Colgate. Papita masiku awiri, chilonda chayamba kuchucha. Akufunsa kuti analondola ndani, nanga atani tsopano.

Mayi, ndiyambe ndi chachangu. Mwanayo pitani naye kuchipatala lero lomwe. Chilonda cha moto chimene chagwira zala ndi pachigongono si chosamalira pakhomo, ngakhale chioneke chaching'ono. Khungu likamapola lokha limakokana, zala zimamatirirana, mkono n'kukana kuwongoka, mwana n'kukula ndi chilema chimene chikanapeweka. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi. Akaona kuti chawakulira akutumizani kuchipatala chachikulu cha boma ku Mulanje, ndipo zilonda zovuta kwambiri amazipititsa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli wodi ya anthu opsa ndi moto. Mukafika musabise zimene anapakidwa. Anamwino angakukalipireni pang'ono, koma ayenera kudziwa chimene akutsuka. Tengani ndi buku lake la kusikelo kuti aone za katemera wa kafumbata.

Pa nkhani ya madzi, inu ndi amene munalondola. Mbatata yowotcha mukaiphula pamoto, mkati mwake imakhala ikupsabe. Mnofu wa munthu nawonso umatero: phala mwalipukuta, koma kutentha kwatsalira m'khungu ndipo kukulowabe pansi. Madzi amachotsa kutenthako. Matuza amabwera chifukwa cha kupsa kumene kwachitika kale, athiridwe madzi kapena asathiridwe. Anthu amangoona kuti matuza atuluka pambuyo pothira madzi, basi mlandu n'kugwera madziwo.

Vuto limene ndimaliona n'lakuti ambiri amathira kapu imodzi n'kusiya. Pamafunika mphindi 20, madzi akuyenderera pachilondapo. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali mwana akukuwa, agogo ake akukunenani kuti mukumuzunza, koma limbani mtima. Ngati mpopi uli pafupi, ikani mkono pansi pake. Ngati palibe, khalani pansi ndi ndowa, mwana pamiyendo, muzitunga ndi kapu n'kumathira osalekeza, wina azikatunga ena kumjigo. Madzi a mumtsuko ndi abwino. Madzi oundana a mufiriji ayi, amaonjezera kuwononga khungu. Ngakhale mutachedwa, kuthira madzi kumathandizabe mkati mwa maola atatu oyamba.

Kuno kwathu pali chenjezo lina. Ana amapsa kwambiri m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, aliyense ataunjikana pamoto. Mwana wamng'ono sachedwa kuzizidwa, choncho thirani pamene papsa pokha, thupi lonselo mulifunditse bulangete. Akayamba kunjenjemera kwambiri, lekani.

Malaya onyowa ndi phala avuleni msanga chifukwa amasunga moto, koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke, dulani mozungulira ndi sizasi. Chibangili, mphete, mkanda kapena kachingwe ka pamkono zichoke pomwepo, malowo asanatupe. Mukatha kuthira madzi, phimbani ndi nsalu yochapa bwino kapena jumbo yatsopano, osamanga mothina. Thonje musaikepo, limakanirira. Matuza musaboole; kakhungu kameneko ndi kamene kakutchinga tizilombo.

Tsono za dzira, Colgate, mafuta ophikira, sopo, ufa, phulusa, ngakhale ndowe zimene ndimamva kuti ena amapaka. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa kutentha. Colgate amangopusitsa ndi kuzizira kwake, mafuta amatsekera moto mkati, dzira laliwisi ndi ndowe zimabweretsa tizilombo pamalo opanda khungu. Ndiye ganizirani namwino akuchotsa zouma zonsezo pachilonda cha mwana kuti aone kuya kwake. Ululu umenewo ndi wachabe. Sindikunena kuti mukayambane ndi apongozi. Anachita zimene anaona amayi awo akuchita, ndipo anachita ndi mtima wofuna mdzukulu. Dziralo liphikeni mwana adye, poti thupi lopsa limafuna mazira, nyemba, nsinjiro ndi usipa kuti khungu limere.

Owerenga ena adzafunsa kuti chilonda chopita nacho kuchipatala n'chiti. Yesani ndi chikhatho cha wopsayo, osati chanu. Chikhatho chake pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake lonse. Mwana akapsa malo oposa chikhatho chake, pitani. Akapsa malo okwana zikhatho 10, moyo uli pachiswe, chifukwa madzi a m'thupi amathera pachilonda ndipo amafunika diripi. Panjira muziyamwitsa kapena kumumwetsa madzi a Thanzi ORS pang'onopang'ono. Kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche, molumikizana mafupa, kupsa ndi magetsi, kapena khanda, musayese n'komwe kukula kwake. Ndipo chilonda choyera kapena chakuda, cholimba, chimene wopsayo akuti sichikupweteka, ndicho choopsa koposa, chifukwa moto wapha ndi mitsempha yomvera ululu.

Chitenje chikagwira moto munthu asathamange, mphepo imakoleza. Mugwetseni pansi, mugubuduzeni kapena mumukute ndi bulangete, kenako madzi.

Sindingasiye ya khunyu, poti zilonda zakuya kwambiri zambiri zimachokera kumeneko. Munthu wagwera pamoto akuphupha, anthu aimirira patali kuopa kuti akamugwira kapena akakhudza thovu lake atengera matendawo. Khunyu sapatsirana. Mukokeni pamotopo nthawi yomweyo, mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Amene ali ndi matendawa asamaphike kapena kuwotha moto ali yekha, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Kwa mwana wanu, mayi, nthawi ya madzi ija inadutsa, musavutike nayonso. Musachotse nokha zimene zaumira pachilonda. Mpatseni panado wa ana pa mlingo wa msinkhu wake, phimbani mkonowo ndi nsalu yoyera, muukweze m'mwamba pomubereka kuti usatupe. Akakuuzani masiku otsukitsa chilonda, musadumphitse ngakhale mtengo wa kabaza uwawe, ndipo afunseni akuonetseni mowongolera zala ndi chigongono tsiku ndi tsiku. Mukaona thupi latentha, mafinya, fungo, kufiira kukufalikira, kapena mwana akukana kudya ndi kukodza pang'ono, bwererani nthawi yomweyo osadikira tsiku limene anakulemberani.