Amai, mawu oti "mwayamba ndale" anandiuzanso ine

Amai, ndawerenga positi yanu mtima wachita kundithamanga, chifukwa zimene akuuzanizo zoti a bungwe ntchito yawo ndi kugawa zinthu basi, za malamulo ndi ndalama za boma si zawo, anandiuzanso ine, pagulu, apongozi anga ali pomwepo.

Ife tinayamba ngati chilimba, kenako tinalembetsa nkuyamba kuthandiza atsikana a ku sekondale, mayunifomu, makope, sopo, mapadi. Sukulu ili kutali ndi midzi yathu ndiye ana amachita renti tinyumba pafupi ndi sukulu, amadziphikira okha, Lachisanu kubwera kudzatenga ufa. Ufa ukatha Lachitatu anyamata a njinga zamoto amadziwa, ogula soya amadziwanso. Chaka chimodzi atsikana atatu mwa amene tinkawagulira yunifomu anatenga mimba. Apa mpamene tinaona kuti tikungotungira madzi m'dengu. Mu 2022 CDF, ndalama za chitukuko zimene boma la Zambia limapereka, itakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse tinati basi, tipemphe hostelo ya atsikana. Tinalemba fomu, tinapereka, chaka chathunthu zii.

Ndiye tsiku lina kunabwera bwana wina wochokera ku boma, msonkhano pansi pa mango. Ine ndinavala chitenje changa chabwino, pepala m'manja, mafunso atatu okha: pempho lathu lili pati, ngati linakanidwa analikana ndani, nanga chifukwa chiyani. Sindinamalize nkomwe lachiwiri. Anandilanda pepala lija nkulikweza m'mwamba kuti onse aone, ati amai awa wawatuma ndani? Ati ndalama zanu mumazitenga kuti, tikudziwa magulu ngati anuwa, satifiketi yanu mawa lomwe itha kufufutidwa. Anthu ena anaseka, ena anangowerama. Mai wa mmodzi mwa atsikana aja anali kumbuyo ndi kakhanda ka mwana wakeyo kumsana, anadzuka nkumapita osacheuka. Koma chinandibaya kwambiri ndi mnzanga wa m'gulu momwemo, amene tinalemba naye mafunsowo usiku pa tochi ya foni, anaimirira ati a bwana ife sitinawatume, akulankhula zawo. Miyendo inali njenjenje, pakhosi gwaa, sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. Masabata awiri sindinapite kutchalitchi ndi manyazi.

Bwana ameneyo mpaka lero sindinamukhululukire, ndinene zoona. Munthu wolandira malipiro kuchokera ku misonkho yathu, ana ake ali ku boarding, kumuchititsa manyazi mzimai amene wangofunsa za ndalama za anthu! Ndipo ankadziwa bwinobwino kuti si ndale, anangofuna kuti ena aope kufunsa, ndipo anaopadi.

Ndale ndi kuvala chitenje cha chipani, kuuza anthu kuti voterani uje. Zimenezo bungwe lisayerekeze. Koma kufunsa kuti ndalama yapita kuti, kunena kuti lamulo ili likupweteka ana lisinthidwe, nzololedwa ndipo ndi ntchito yathu chifukwa ife ndi amene timaona mavutowo tsiku ndi tsiku. Tangoganizani, mtsikana wobereka kubwerera kusukulu zinayamba mu 1997, ndipo mabungwe ngati FAWEZA, lolimbikitsa maphunziro a atsikana, anazilimbikira kwambiri. Mu December 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa, tsopano mwana wosakwana zaka 18 sangakwatiwe ngakhale ukwati wa kumudzi, zimenezi mabungwe ndi mafumu ngati a Madzimawe anazikuwira zaka ndi zaka. Mwezi womwewo a President Hichilema anasaina Access to Information Act, lamulo lopatsa anthu ufulu wofunsa ndi kudziwa zimene boma likuchita, limene atolankhani ndi mabungwe analipempha kwa zaka zoposa 20. Akanati onsewa azingogawa sopo bwenzi tili pati?

Ife chimene chinatidzutsa ndi mtsikana wina wa bungwe lalikulu ku Chipata amene anamva nkhani yanga nkutiitana. Anatiuza kuti tisiye kupita chimanjamanja. Tinapita kwa anyakwawa, iwo anatitengera kwa induna, makolo anasaina kalata, osadziwa kulemba anadinda chala. Tinalemba chiwerengero cha ana amene akuchita renti ndi amene anasiya sukulu, popanda maina a ana, chonde maina a ana musalembe. Kenako ndinaimba foni pa pulogalamu ya pawailesi nkunena zonse, mawu akunjenjemera koma ndinanena. Sabata yomweyo tinaitanidwa ku ofesi. Hosteloyo sinathe mpaka pano, ili pa mawindo, ana akadali m'tinyumba tija, koma inalowa pa mndandanda wa ntchito za CDF ndipo anthu amaidziwa.

Ndiye amai musaope, lankhulani. Koma musakaimirire pamsonkhano ngati ine, yambani mwakachetechete, pitani kwa a WDC, komiti ya chitukuko ya m'wadi yanu, kwa a kansala, mwaulemu, mukhale atatu kapena anayi ndipo mugwirizane kunyumba kuti aliyense adzanena chiyani, muuzane maso ndi maso kuti palibe wokana mnzake. Kuwailesi, kaya Breeze FM kaya Radio Maria, kukhale komaliza, chifukwa ukamutchula munthu pawailesi khomo amakutsekera. Ngakhale kunena zoona ife khomo linatseguka chifukwa cha wailesiyo, ndipo ndikanapanda kuchititsidwa manyazi tsiku lija mtsikana wa ku Chipata uja sakanatimva.

Mapepala anu akhale bwino, kaya munalembetsa kwa Registrar of Societies kaya pansi pa NGO Act ya 2009, ma returns, malipoti a pachaka a gulu lanu, osaiwala, chifukwa akafuna kukuopsezani amayambira pomwepo. Onaninso constitution ya gulu lanu ngati muli mawu oti mumalankhulira ana kapena amai, ngati mulibe onjezerani. Kalata iliyonse mukapereka adinde sitampa pa kope yanu, ife yoyamba ija tinalibe umboni ndiye anangoti sitinaione. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika, osati mavuto onse a m'dera. Za kuguba pamsewu ife tinazisiya, nthawi imeneyo Public Order Act inkafuna kudziwitsa apolisi masiku 7 zisanachitike ndipo amai ambiri anaopa. Amene amakupatsani thandizo muwauziretu, ena safuna ndalama zawo zigwire ntchito yotere.

Kalata yathu ija ndikadali nayo mu foni, ndilembereni ku inbox ndikutumizireni muone mmene tinaiyalira, mungosintha za kwanu.