Kilatchi ikalimba, kodi yankho n'kugula njinga ina?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndili ndi njinga yamoto ya Honda VFR800 ya m'chaka cha 2004 imene ndimapitira ku ntchito. Kilatchi yake ndi yolimba kwambiri, moti ndikakhala pa mdipiti wa magalimoto mumsewu wa N1 madzulo, dzanja lamanzere limachita dzanzi ndisanafike kunyumba. Ndikufuna kuigulitsa kuti ndigule Yamaha FJR1300 kapena Yamaha Tracer 9 GT, popeza ndikulakalakanso kudzapita nayo kumudzi ku Mulanje pa Khirisimasi nditakweza mayi a kunyumba. Kodi yabwino ndi iti, nanga kilatchi yolimba ingafewetsedwe?
Wowerenga wathu, Johannesburg

YANKHO: Bambo, mwafunsa mafunso awiri, ndipo ine ndiyamba ndi lachiwirilo, chifukwa si nzeru kutaya ndalama zambiri pothawa vuto limene mwina makaniko angalithetse m'mawa umodzi.

Kilatchi ya VFR800 siyendera chingwe ayi, imayendera mafuta a mtundu wa DOT 4, omwewo a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, koma eni njinga ambiri amakumbukira a mabuleki okha. Suzumirani pa kawindo ka kabokosi kamene kali pa handulo ya kumanzere: ngati mafutawo ada ngati tiyi wopanda mkaka, akhetseni onse, muthire atsopano ndi kutulutsa mpweya. Kenaka masulani bauti imene liva imazungulirapo, muipukute n'kuipaka girisi, pamodzi ndi kachitsulo kamene kamakankha pisitoni. Pansi, pafupi ndi giya ya kutsogolo ya tcheni, pali silinda yaing'ono imene imakankha kamtengo kachitsulo kolowa mu injini. Malowa amasonkhanitsa fumbi ndi mafuta a tcheni mpaka kamtengoko kamayenda mokakamira.

Pali chinanso chimene anthu amachinyoza chifukwa n'chaulere. Khalani panjinga monga mumakhalira poyenda, mutambasule zala, muone ngati mkono ndi dzanja zili mowongoka. Ngati dzanja likupindikira m'mwamba kuti lifike pa liva, masulani mabauti awiri a chogwirizira chake muitsitse pang'ono. Kawirikawiri ululu umene munthu amanamizira kilatchi umachokera pamenepa.

Zonsezi zikachitika koma osasintha, makaniko atsegule kilatchi yeniyeniyo. Njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo ikhoza kukhala ndi masipuling'i olimba amene mwini wake wakale anaika pofuna kubisa mbale za kilatchi zotha zimene zinkaterereka, ndipo kubwezera mbale zatsopano ndi masipuling'i a muyezo wa kampani kumafewetsa liva nthawi yomweyo. Aonenso ngati m'mbali mwa dengu limene mbalezo zimakhalamo mwadyeka mano. Ena amaika silinda ya pansi ija yokulirapo, ndipo n'zoona kuti liva imafewa, koma malipiro ake ndi akuti kamtengo kaja kamayenda mtunda waufupi, choncho ikakula mopitirira, kilatchi simasula bwino ndipo kupeza nyutulo kumavuta.

Tsopano za njinga ziwirizo. FJR1300, imene inatuluka koyamba m'chaka cha 2001, ndi njinga ya ulendo wautali yeniyeni: thanki yake imalowa malita 25, ilibe tcheni chifukwa imayendera shafiti, ndipo wokwera kumbuyo amakhala mwamtendere. Koma imalemera pafupifupi makilogalamu 290, ndipo mukawonjezera anthu awiri ndi katundu, kuikhotetsa pamchenga wa pakhomo kumudzi si masewera. Dziwaninso kuti FJR zakale kilatchi yake si yofewa kuposa imene mukuithawayo. Kuyambira m'chaka cha 2016 m'pamene Yamaha inaikamo magiya asanu ndi limodzi ndi kilatchi yamakono imene mphamvu ya injini imathandiza kufinya mbale, zimene zimalola kuti masipuling'i akhale ofewa. Choncho ngati ndi FJR, yang'anani ya 2016 kapena yapambuyo pake. Inaliponso ina yotchedwa AS kapena AE, imene inayamba mu 2006, yopanda liva ya kilatchi n'komwe, koma zamagetsi zake zikavuta muli pakati pa Nyamapanda (pa malire a Zimbabwe ndi Mozambique) ndi Tete, simudzapeza wozidziwa.

Tracer 9 GT, imene inabwera m'chaka cha 2021, ili ndi injini ya masilinda atatu ya 890cc ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 220. Kilatchi yake ndi ya chingwe, ya mtundu wofewa uja, ndipo njingayi ili ndi chipangizo cholola kusintha magiya mukuyenda osagwira liva. Pa mdipiti wa tsiku ndi tsiku, imeneyi ndiyo ingapumitse dzanja lanu. Zofooka zake n'zakuti tcheni imafuna kuthiridwa mafuta ndi kukungidwa m'njira, ndiponso mpando wa kumbuyo sufika pa wa FJR.

Ulendo wa ku Mulanje kudzera ku Beitbridge, Harare, Tete ndi Mwanza umaposa makilomita 1,600, koma mumauyenda kamodzi pachaka, pamene N1 mumakumana nayo sabata iliyonse. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha Tracer, pokhapokha ngati mayi a kunyumba atakhala pa mipando yonse iwiri n'kukana. Mawu awo pankhaniyi ndi olemera kuposa anga. Kumbukirani kuti njinga zonse ziwirizi zili ndi malimu a mainchesi 17 amene sakondana ndi maenje, ndipo amakaniko ambiri a kumudzi anazolowera njinga za kabaza, kotero masipeyala ofunika, monga chingwe cha kilatchi ya Tracer, muwanyamule kuchokera komweko. Koma yambani mwakonza VFR yanuyo ndi kuyenda nayo mwezi wathunthu. Ngati dzanzi likupitirirabe ngakhale liva yafewa, makamaka usiku, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa mtsempha wa padzanja ukhoza kukhala wopanikizika.

FUNSO: Mnzanga akuti ndichotseko sipuling'i imodzi mu kilatchi ya Suzuki Bandit 600 yanga kuti ifewe. Kodi n'zoona?
Wowerenga wathu, Leeds

YANKHO: Musayerekeze, achimwene. Masipuling'i amafinya mbale mofanana mbali zonse, ndipo mukachotsapo imodzi kilatchi idzayamba kuterereka, mbale zidzapsa, ndipo mudzagula zonse. Pa njinga ya chingwe ngati yanuyo, cholakwa nthawi zambiri chimakhala chingwecho, makamaka kumeneko kumene misewu amaithira mchere m'nyengo yozizira. Chimasuleni mbali zonse ziwiri muchikoke ndi zala. Ngati chikukhakhala kapena timawaya tina taduka, gulani chatsopano, ndipo pochiika musachipinde kwambiri pa khosi la njinga. Siyani kampata ka mamilimita awiri kapena atatu pa tsinde la liva isanayambe kukoka, apo ayi kilatchi idzaterereka injini ikatentha.