Mwana akufuna maphunziro oyeza nkhalango ndi kaboni, kodi ntchito yake ilipo?

Mayi ena a ku Kasungu andifunsa za mwana wawo wamkazi amene wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu, fizikisi ndi jogalafe. Mwanayo akuti akufuna kudzakhala katswiri woyeza nthawi imene mitengo imaphuka ndi kuyoyola masamba komanso mpweya wa kaboni umene nkhalango imayamwa, pogwiritsa ntchito masetilaiti. Bambo ake akufuna unamwino, akuti kumeneko ntchito ndi yodziwika. Funso la mayiwa ndi loti zimenezi ndi maphunziro enieni kapena mwana wangotengeka ndi za pa foni, ndipo ngati ndi enieni akayambire pati.

Mayi, ndi maphunziro enieni ndithu, ndipo mwana wanuyo wasankha chinthu cholemera kuposa mmene mwina iye mwini akuganizira. Koma ndikuuzeni msanga, musakafune digiri yolembedwa dzina limeneli chifukwa simukaipeza. Anthu ogwira ntchitoyi amachokera ku za nkhalango, za nyengo, za mapu ndi masetilaiti, ena ku fizikisi kumene, nde amadzakumana patsogolo. Chimene chimawagwirizanitsa ndi luso loyeza ndi kuwerengera, osati kukonda mitengo kokha ayi.

Ndifotokoze kaye ntchitoyo kuti bambo akewo akamafunsa mukhale ndi choyankha. Inu a ku Kasungu mukudziwa kuti kumapeto kwa chilimwe, cha mu September ndi October dzuwa lili phwee, udzu wonse utapsa, mitengo ya tsamba, mombo ndi mchenga imatulutsa masamba atsopano ofiirira mvula isanagwe olo dontho. Agogo athu ankazidziwa kale zimenezi. Chimene sayansi yawonjezera ndi kuyeza, tsiku liti, dera liti, chaka ndi chaka. Mu 2017 ofufuza otsogozedwa ndi Casey Ryan wa ku University of Edinburgh anagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi kuonetsa kuti kuphuka mvula isanabwereku kumachitika pafupifupi paliponse m'nkhalango za kum'mwera kwa Africa kuno. Ndiye funso lalikulu limene akatswiri akulimbana nalo ndi ili, ngati mtengo suyembekezera mvula kuti uphuke, umatsatira chiyani, kutalika kwa tsiku, kutentha, kapena madzi akuya amene mizu yake imafikira? Nanga mvula ikamachedwa zaka zotsatizana, ngati mmene zinavutira mu 2024 ndi El Niño pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, mtengo umene watulutsa kale masamba upirira mpaka liti usanafooke? Amenewa si mafunso a m'kalasi chabe, chifukwa uchi, bowa, masuku, mphalabungu ndi msipu wa ziweto zonse zimayendera kalendala yomweyo. Mwana akamasaka pa intaneti alembe mawu oti phenology, apeza zambiri.

Kwina kumene anasunga zolemba kwa nthawi yayitali kusintha kukuoneka poyera. Ku Kyoto ku Japan kuli zolemba za tsiku limene mitengo ya cherry imachita maluwa kuyambira zaka za m'ma 800, ndipo mu 2021 maluwa anafika pachimake pa 26 March, msanga kuposa chaka china chilichonse m'zolembazo mpaka nthawi imeneyo. Zimenezo zinatheka chifukwa panali anthu olemba osatopa. Miombo yathu, nkhalango za mitengo ngati tsamba ndi mombo ija, imene imatenga malo pafupifupi masikweya kilomita 2.7 miliyoni kuyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, ilibe zolemba zotero, ndipo zimandiwawa kuti zambiri zimene dziko limadziwa za nkhalango zathu zimawerengedwa ndi anthu okhala kutali amene amabwera kwa masabata ochepa basi.

Mbali ya kaboni nayo ili motere. Masana masamba amayamwa mpweya wa carbon dioxide ndi kupanga chakudya cha mtengo, koma nthawi yomweyo, usana ndi usiku, mitengo, mizu ndi tizilombo ta m'nthaka timapuma ndi kuutulutsanso mpweyawo, moto wa tchire ndi mauvuni a makala nawo amatulutsa wawo. Nkhalango ili ngati buku la pa golosale, pali zolowa ndi zotuluka, ndipo chofunika ndi chimene chatsala pakutha pa chaka. Pa Mauna Loa ku Hawaii, Charles David Keeling atayamba kuyeza mu 1958 carbon dioxide wa mumlengalenga anali pafupifupi 315 ppm, kutanthauza magawo 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, pano wapitirira 420. Nde dziko lonse likufuna kudziwa kuti nkhalango iti ikusunga, iti ikutaya, ndipo kutentha kukamawonjezeka zisintha bwanji.

Kuyeza kwake kuli panjira zingapo zimene zimadalirana. Pali ntchito ya pansi, kulowa m'tchire ndi tepi, kuyeza kunenepa kwa mtengo uliwonse pa msinkhu wa mamita 1.3, kuukhomera nambala, kubweranso patapita zaka kudzaona kuti wakula bwanji kapena wadulidwa, ndipo poti pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni, masamu ake amayambira pamenepo. Gulu la SEOSAW limasonkhanitsa zotsatira za malo oyezera otere m'mayiko ambiri a kuno. Pali nsanja zachitsulo zotalika kupitirira mitengo, pamwamba pake pali makina oyeza mphepo ndi mpweya ka 10 kapena ka 20 pa sekondi imodzi, kenako kompyuta imawerengera theka la ola lililonse kuti mpweya wapita m'mwamba kapena walowa m'nkhalango, njirayi amaitcha eddy covariance. Ku Skukuza mu Kruger National Park ku South Africa nsanja yotere inayamba ntchito mu 2000, ku Zambia inaikidwa m'nkhalango ya Kataba pafupi ndi Mongu, ndipo nsanja za padziko lonse zimagawana data kudzera mu mgwirizano wotchedwa FLUXNET, ngakhale zochuluka zili ku Ulaya ndi ku North America, mu Africa muno ndi zowerengeka. Pansanja zina amamangirira kamera yojambula malo amodzimodzi tsiku lililonse kuti aone kubiriwira kukusintha bwanji. Kenako pali masetilaiti, ndipo apa ndi pamene mwana wa ku Kasungu angalowere popanda kudikira aliyense.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga. Zithunzi za masetilaiti a Landsat zilipo kuyambira 1972 ndipo kuyambira 2008 ndi zaulere. Kamera ya MODIS, imene ili pa setilaiti ya Terra yoponyedwa mu December 1999, yakhala ikujambula dziko pafupifupi tsiku lililonse. Sentinel-2 ya ku Ulaya inayamba mu 2015, kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi mamita 10 pansi pano ndipo imabwerera pamalo amodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse, nayonso ndi yaulere. Pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu yotchedwa QGIS ndi yaulere, R ndi Python zowerengera data ndi zaulere, Google Earth Engine, younikira zithunzi za masetilaiti pa intaneti, salipiritsa ophunzira ndi ofufuza. Chimene chimadya ndalama ndi laputopu ndi bandulo basi. Masamba athanzi amayamwa kuwala kofiira ndi kubweza kuwala kwina kumene maso athu saona, nde ukafananitsa ziwirizo umapeza nambala yotchedwa NDVI yosonyeza kubiriwira. Ukangofika chaka chachiwiri ku koleji utha kutenga kachigawo ka Kasungu National Park ndi minda yoyandikana nayo, ndi kujambula mzere wa kubiriwira kwa zaka 10, uona wekha nkhalango ikudzuka mu October minda idakali mbee mpaka December. Koma usakhulupirire setilaiti yokha, nthawi ya dzinja mitambo imaphimba, nthawi yotentha utsi umasokoneza, ndipo setilaiti imavutika kusiyanitsa kubiriwira kwa udzu ndi kwa mtengo. N'chifukwa chake yamba lero, sankha mitengo 5 kapena 10 pafupi ndi kwanu, uziijambula ndi foni tsiku limodzi pa sabata uli pamalo omwewo, uzilemba m'kope tsiku limene yayoyola, yaphuka, yachita maluwa, komanso tsiku la chizimalupsa ndi la mvula yodzalira. Pofika nthawi ya pulojekiti ya chaka chomaliza udzakhala ndi zaka zingapo za data yako yako, chinthu chimene anzako ambiri sadzakhala nacho, ndipo mphunzitsi aliyense wanzeru akaona kope lotero amakhala tsonga.

Za kokaphunzira, ku MUST ku Thyolo kuli Ndata School of Climate and Earth Sciences kumene kuli maphunziro a zanyengo komanso a mapu ndi zithunzi za masetilaiti, ndipo kwa mwana wolimba pa masamu ndi fizikisi ngati uyu ine ndingayambire kumeneko. Ku Mzuzu University ndi ku LUANAR ku Bunda kuli za nkhalango, kumene adzaidziwe mitengo ndi manja ake. Ku UNIMA ku Zomba angathe kulowera ku sayansi kapena jogalafe. Ngati mapoinsi savomera, ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo kuyambira pamenepo si manyazi, anthu oyeza m'tchire odziwa mitengo ndi mayina ake amasowa kwambiri. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndiwo poyambira m'mayunivesite a boma, koma pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zake, nde muwerenge bwinobwino chilengezo cha chaka chimenecho cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, musanadzaze mafomu. Kulikonse kumene angapite, asathawe makosi a statistics ndi programming, ambiri amawathawa nde amadzatsekeka pa masitazi.

Mayi, za ntchito ndisakunamizeni. Bambo akewo akunena zoona pang'ono, njira ya namwino ndi yowongoka kuposa iyi, ngakhale anamwino nawonso masiku ano amadikira kulembedwa. Ntchito zoyang'anira nsanja za kaboni ndi zochepa zedi ndipo zambiri zimafuna masitazi kapena PhD, kawirikawiri kunja, monga ku South Africa kumene kuli bungwe loyeza zachilengedwe la SAEON, ku sukulu ya mapu ndi masetilaiti ya ITC ya University of Twente ku Netherlands, kapena ku Britain ndi ku Germany kudzera m'masikolashipu a Commonwealth ndi DAAD. Sikolashipu ina ya ku Britain, ya Chevening, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka 2. Koma luso lomwelo, mapu, masetilaiti, kuwerengera data, limagulika malo ambiri, ku Dipatimenti ya Zankhalango ndi ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, ku nthambi ya zanyengo, kwa oyang'anira malo osungira nyama, m'mabungwe oyeza zokolola ndi chilala, kwa ojambula mapu a madzi osefukira monga zinafunikira pa namondwe Freddy mu March 2023. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030 pansi pa AFR100, mgwirizano wa mayiko a mu Africa wobwezeretsa nkhalango, ndipo lonjezo lotero limafuna anthu otsimikizira ndi manambala kuti mitengo yamera zoona. Ntchito zambiri zimabwera mwa makontirakiti a zaka 2 kapena 3, nde mwanayo adzafunika kuzolowera kufunsira ntchito pafupipafupi ndi kusunga ndalama.

Palinso nkhani ya malonda a kaboni imene ikumveka kwambiri pano, pamene makampani amalipira osunga nkhalango malinga ndi kaboni amene yasunga, ndipo mwana wanu akamaliza mwina ndiko kudzakhale malipiro okoma. Kumeneko ndikufuna alowe maso ali gwa. Kuchuluka kwa ndalama kumadalira nambala ya matani imene woyeza walemba, nde chiyeso chokweza nambala chimakhalapo, ndipo mapulojekiti ena padziko lapansi adzudzulidwapo chifukwa chonena kuti ateteza nkhalango zambiri kuposa zenizeni. Amene amavutika pamapeto ndi anthu a m'mudzi amene analetsedwa kutola nkhuni polonjezedwa ndalama. Tikufunika ana athu odziwa kuwerengera okha, oti mfumu ikawafunsa kuti pepala ili likunena zoona, ayankhe atayeza.

Mukakhala pansi ndi bambo ake, pa fomu ya NCHE pamakhala malo a zisankho zingapo, nde palibe chifukwa chokanganirana ngati kuti mwayi ndi umodzi. Mwanayo aike chimene mtima wake ukufuna poyamba, china chimene bambo akuona kuti n'chodalirika achiike pambuyo ngati maphunziro amene anakhoza akulola, ndipo pamene akudikira zotsatira mumupezere kope lolimba ndi bandulo ya mwezi kuti ayambe QGIS, ngakhale pa laputopu yobwereka.