Kamuzu ndi Mabunu: yankho kwa achimwene a ku Turffontein

Achimwene ena amene amawotcherera zitsulo ku Turffontein, ku Joni, anditumizira imelo. Akuti mnzawo wa ku Soweto amawanyogodola kuntchito kuti Amalawi tinagulitsa anthu akuda, poti Kamuzu ankadyera mbale imodzi ndi Mabunu nthawi ya tsankho. Akufunsa ngati n'zoona, komanso choti amuyankhe.

Achimwene, n'zoona, musakane ayi. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la Mabunu la ku Pretoria pamene mayiko ena a anthu akuda anali atalisala bomalo. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa nthawi imeneyo, anafika ku Malawi mu 1970, Kamuzu naye n'kudzacheza kuno ku South Africa mu 1971. Likulu la Lilongwe, limene boma linasamukirako mu 1975, linayamba kumangidwa ndi ngongole ya South Africa.

Chimene chimandiwawa ine n'choti nkhalambayo inkadziwa zonse. Ali mnyamata anachoka ku Kasungu, nadzera ku Rhodesia, mpaka kudzagwira ntchito pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg konkuno. Chitupa anachiona, komboni anaiona, asanapite ku America mu 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa AME.

Omuikira kumbuyo amati akanatani? Dziko lopanda nyanja yamchere, katundu wodzera ku Beira m'manja mwa Apwitikizi, ndiponso azigogo athu ambirimbiri ali kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela, akutumiza ndalama zogulira malata ndi njinga. Mfundoyi ili ndi mutu. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi, ngakhale kuti pambuyo pake anthu anayambiranso kubwera kudzera ku Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela. Koma Kaunda wa ku Zambia nayenso analibe doko, komabe anasunga ANC ku Lusaka. Apa ine sindimumvetsa Ngwaziyo, ndipo sindimukhululukira.

Mnzanuyo mumuuze kuti Mmalawi wamba sanafunsidwe. Ankangogula khadi la chipani kuti alowe mumsika. Oyankhula ankathera kundende: Orton Chirwa anafera ku Zomba mu 1992. Titapatsidwa mpata pa 14 June 1993, tinavotera nyali, kukana chipani chimodzi.

Mumufunsenso ngati anamvapo za Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Antchito akuda a dziko lino anayamba kudziwa mphamvu zawo kudzera mwa iyeyo.