Funso la wowerenga: N'chifukwa chiyani anthu a ku Korea amafunsana zaka asanadziwane?

Mtsikana wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo. Akuti wakhala akuonera mafilimu a ku South Korea pafoni, nyimbo za K-pop nazo zamulowa m'magazi, koma pali zinthu zimene zikumuimitsa mutu. N'chifukwa chiyani anthu akangokumana amafunsana chaka chobadwa? Bwanji mnyamata akamamwa pamaso pa bwana wake amatembenukira kumbali? Nanga dziko laling'ono ngati limeneli lakwanitsa bwanji kufalitsa nyimbo ndi mafilimu ake padziko lonse? Wamaliza ndi kufunsa kuti ayambire pati kuti adziwe chikhalidwe chenicheni.

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyamba ndi nkhani ya zaka, chifukwa mukaimvetsa imeneyi, zambiri zimene zimachitika m'mafilimuwo zizimveka zokha.

Kuyambira mu 1392, Korea inalamulidwa ndi mafumu a Joseon kwa zaka zoposa 500, ndipo ufumu umenewu unamangidwa pa ziphunzitso za Confucius, mphunzitsi wanzeru wakale wa ku China. Ziphunzitsozi zimaika munthu aliyense pamalo pake: mwana pansi pa kholo, wamng'ono pansi pa wamkulu, wophunzira pansi pa mphunzitsi. Ufumuwo unatha kalekale, koma dongosololi linatsalira m'chinenero. Mu Chikoreya simungamalize chiganizo musanasankhe mulingo wa ulemu, chifukwa mathero a mneni amasintha potengera munthu amene mukulankhula naye. Malankhulidwe aulemu amatchedwa jondaenmal, achinzake amatchedwa banmal. Choncho munthu akafunsa zaka sakufufuza za moyo wanu ayi, akufuna kudziwa mmene akulankhulireni. Ngakhale kusiyana chaka chimodzi chokha n'kokwanira. Mtsikana amatchula mnyamata wamkulu kwa iye kuti oppa, mtsikana mnzake wamkulu kuti eonni, pomwe mnyamata amati hyeong kwa mwamuna ndi nuna kwa mkazi. Amene mungamutche chingu, kutanthauza mnzanu wofanana naye, kwenikweni ndi wobadwa chaka chimodzi ndi inu. Mukadzaona m'filimu anthu awiri akugwirizana kuti asiye malankhulidwe aulemu, dziwani kuti ubwenzi wawo wafika pena. Mawu a Chingerezi amene amalembedwa m'munsi mwa filimu nthawi zambiri saonetsa zimenezi, ndipo owonera ambiri zimawadutsa.

Ife sitiyenera kuvutika nazo. Tili ndi "inu" ndi "iwe", ndipo mwana woleredwa bwino amalandira chinthu kwa akulu ndi manja awiri. Ku Korea n'chimodzimodzi, kungoti mwambowu amapita nawo mpaka ku ofesi ndi kumalo omwera. Wamng'ono amathirira wamkulu mowa wotchedwa soju atagwira botolo ndi manja awiri, ndipo akamamwa wake amatembenuza nkhope kuti asaoneke ngati akudzifananiza ndi wamkuluyo. Patebulo amadikira kuti wamkulu ayambe kunyamula sipuni. Ulemu woterewu umandisangalatsa kwambiri, koma sindibisa kuti uli ndi mbali yake yolemera. Akoreya eniake amadandaula za mabwana amene amapondereza antchito podziwa kuti wamng'ono sangayankhe, ndipo khalidweli analipatsa dzina lakuti gapjil. Mafilimu ambiri a mu ofesi amakamba zimenezi.

Pambuyo pa zaka pamabwera banja. Maholide akuluakulu ndi awiri, onse otsatira kalendala ya mwezi. Seollal ndi chaka chatsopano: ana amavala zovala zachikhalidwe zotchedwa hanbok, amagwada mpaka chipumi kufika pansi pamaso pa agogo, kenako amalandira madalitso ndi ndalama, ndipo onse amadya supu ya tteokguk. Chuseok ndi chikondwerero cha zokolola, pa tsiku la 15 la mwezi wa 8 pa kalendala yomweyo. Misewu yochoka ku Seoul imadzaza thothotho chifukwa anthu amapita kwawo kukalambula manda a makolo, ndipo mabanja ambiri amayala chakudya patebulo pokumbukira amene anatsogola. Ntchito yophika pamasiku amenewa imagwera kwambiri akazi okwatiwa pabanjapo, ndiye musadabwe kuti mkangano wa apongozi ndi mkazi wa mwana wawo supuma m'mafilimu.

Pa chakudya ndikhalitsapo, chifukwa kwa ine ndi pomwe pagona mtima wa Korea. Kimchi ndi kabichi wamasamba aatali kapena radishi, amene amathiridwa mchere kaye, kenako n'kupakidwa tsabola wofiira wogaya, adyo, jinja ndi msuzi wa nsomba zamchere, n'kusiyidwa kuti asase. Chiyambi chake ndi chisanu. Nyengo yozizira ya ku Korea ndi yaitali ndipo m'minda simumera kanthu, choncho chakumapeto kwa Novembala mabanja ndi oyandikana nawo ankasonkhana n'kukonza kimchi wokwanira miyezi yonseyo. Ankamuika m'mitsuko yadothi yotchedwa onggi n'kuikwirira pansi. Mwambo wothandizanawu umatchedwa kimjang, ndipo UNESCO inauvomereza mu 2013 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Lero ambiri amakhala m'nyumba zosanja, mitsuko yalowedwa m'malo ndi firiji yapadera ya kimchi, komabe amayi amatumizirabe ana awo a m'tauni mabokosi odzaza. Mukaona m'filimu mayi akubweretsa mabokosi otere, akunena za chikondi chimene sangachitchule pakamwa. Chimodzimodzinso supu ya ndere za m'nyanja yotchedwa miyeokguk: imadyedwa ndi mayi amene wangobereka kumene, ndipo munthu amaidya pa tsiku lake lobadwa pokumbukira amayi ake. Wina akafunsidwa ngati wadya miyeokguk lero, funso lenileni n'lakuti kodi alipo amene wamukumbukira.

Tsopano funso lanu lachitatu. South Korea ndi yaing'ono kuposa Malawi pa kukula kwa malo, ngakhale ili ndi anthu opitirira 51 miliyoni. Korea yonse inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, inagawidwa pawiri, kenako nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inaisiya m'gulu la mayiko osaukitsitsa. Kwa zaka zambiri maboma a asilikali ankaletsa nyimbo ndi mafilimu amene sanawakonde. Demokalase itabwera mu 1987 zinthu zinayamba kumasuka, ndipo mu 1992 gulu la Seo Taiji and Boys linasakaniza rap ndi magule amakono mu Chikoreya, achinyamata n'kulandira ndi manja awiri. Makampani monga SM Entertainment anatengerapo phunziro n'kuyamba kulera oimba kuyambira ali ana asukulu. Chuma chitagwa mu 1997, dziko n'kukapempha ngongole ku IMF, boma la Kim Dae-jung linaona kuti nyimbo, mafilimu ndi intaneti zingagulitsidwe kunja ngati mmene amagulitsira magalimoto, ndipo linaikapo ndalama. Kufalikira kumeneku kumatchedwa hallyu. Kunayambira ku China ndi Japan kudzera m'masewero a pa TV, n'kufika pena mu 2012 pomwe vidiyo ya Gangnam Style inakhala yoyamba kuonedwa kokwana 1 biliyoni pa YouTube. Mu 2020 filimu ya Parasite inalandira Oscar ya filimu yopambana zonse, yoyamba yosakhala ya Chingerezi kutero, ndipo chaka chomwecho gulu la oimba la BTS linafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America.

Ena amati zonsezi ndi nzeru za boma basi. Ine sindivomereza. Boma linakonza bwalo, koma amene anavina ndi olemba, ojambula ndi achinyamata amene amayeserera kuimba ndi kuvina kwa zaka zambiri, ambiri mwa iwo osafika n'komwe pa siteji. Mpikisano womwewo uli m'sukulu. Ana amachoka m'kalasi n'kupita kumasukulu owonjezera otchedwa hagwon mpaka usiku, kukonzekera mayeso a suneung amene amalembedwa tsiku limodzi mu Novembala. Tsikulo ngakhale ndege zimaimitsidwa kunyamuka ndi kutera pa nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi. Nyumba ku Seoul n'zodula, ntchito ndi ya maola ambiri, ndipo mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika 0.72, chotsikitsitsa padziko lonse. Choncho Korea ya anyamata olemera ovala masuti imene mumaiona ndi yoona pang'ono chabe. Mafilimu okamba za ngongole ndi umphawi nawonso akunena za dziko lomwelo.

Poyambira, ndikulangizani ziwiri. Choyamba, phunzirani Hangul, zilembo za Chikoreya. Zilembozi zinapangidwa mu 1443 molamulidwa ndi mfumu Sejong, amene ankafuna kuti anthu wamba azitha kuwerenga popanda kuloweza zilembo zachitchaina masauzande. Zilipo 24 zokha, 14 zopanda liwu ndi 10 za liwu, ndipo zina zinajambulidwa motsanzira mmene lilime ndi milomo zimakhalira potchula. Mutachita khama, m'masiku ochepa mungayambe kuwerenga mayina a oimba anu, ndipo khutu lidzayamba kugwira mathero aulemu aja, monga "-yo" ndi "-mnida".

Chachiwiri, fufuzani pa YouTube mawu akuti pansori. Mudzaona woimba mmodzi atagwira chokupizira mphepo, pambali pake woimba ng'oma mmodzi, akufotokoza nthano yaitali mwa nyimbo ndi mawu osasa, nthawi zina kwa maola angapo, omvera akumulimbikitsa ndi mfuu pakati pa nyimbo. Koyamba zidzakumvekerani zachilendo, koma mupirire mphindi khumi. Mukatero fufuzaninso samulnori, gulu la zoimbira zinayi, ng'oma ziwiri ndi zitsulo ziwiri, lochokera ku nyimbo za alimi a kumidzi. Mukamvera ziwirizi mundilemberenso, mundiuze chimene chakugwirani mtima.